Kapaipi ka Pakhosi

Lachiwiri, 4 Malichi

Andigoneka dzulo masana. Wodi ya amuna, bedi nambala 9, moyang'anana ndi khomo la kubafa. Kope ili abwera nalo achemwali anga, akuti ndizilemba zimene adokotala akunena chifukwa ndikamawafotokozera pakamwa ndimadula zina. Sakunama. Cholembera ndabwereka kwa bambo wa pabedi 10, ndipo akuchiyang'anitsitsa pamene ndikulemba pano.

Thupi linatentha kufika 39.8. Magazi atenga timabotolo titatu atandibaya kasanu ndi kamodzi. Namwino anayang'ana mikono yanga, nayang'ana nkhope, kenako analemba kanthu pamwamba pa fayilo n'kukazunguliza. Sindinafunse. Ndakhala ndikudzibaya heroini zaka zisanu ndi ziwiri, mikonoyi imadzifotokozera yokha.

Kangolo ka mankhwala kakakhala pabedi 8, kabati yake imakhala yotsegula. Kasanafike pa 9 amayamba atseka. Pa 10 amatsegulanso.

Lachitatu, 5 Malichi

Thupi likufuna zake. Kusanza, kutsegula m'mimba, thukuta lozizira, miyendo yosakhazikika. Andiyambitsa metadoni, mankhwala amadzi oletsa chibaba, mamiligalamu 20. Namwino wamfupi anaima mpaka ndameza, kenako anati, "Yasamulani. Kwezani lilime." Madzi angabisike bwanji pansi pa lilime sindikudziwa, koma ndinakweza.

Kulemba kwandikanika. Basi.

Lachisanu, 7 Malichi

Dzulo anandiunika mtima. Lero dokotala wa magalasi wabwera ndi zotsatira, ndipo ndilemba monga ananenera, osadula.

Tizilombo tinalowa ndi singano, tayenda ndi magazi, takamanga pa kachitseko ka mbali ya kumanja kwa mtima. Mankhwala ake ndi a m'mitsempha, kanayi pa tsiku, masiku 42. Mapiritsi paokha sangathe. Kachilombo ka HIV ndilibe. Matenda a chiwindi a mtundu wa C ndili nawo, amenewo tidzaona pambuyo pake. Ndikasiyira panjira kachitsekoko kadyeka, ndipo chipatala chino sichisoka mitima.

"Vuto n'lakuti mitsempha munamaliza, bambo," anatero. "Tiika kapaipi pakhosi kofika pafupi ndi mtima. Kwa munthu wa mbiri yanu, anzanga ena akanakana."

Lamulo lake anafotokoza ndi Sisita wamkulu wa wodi. Akatha kundipatsa mankhwala azikulunga pulasitala pa chotsekera cha kapaipiko, namwino n'kusaina modutsa pomwe pulasitalayo yakumana. Wobwera pambuyo pake aziyamba waona ngati sainiyo ili yolumikizana. Ikapezeka yosemphana, kapaipi kachotsedwa, ine n'kupita kunyumba ndi mapiritsi aja akuti sangathe.

"Mwamva, a Naini?"

"Ndamva, Sisita."

"Sainani apa kuti mwamva."

Dzina langa lili pa fayilo, koma m'wodi muno ndine Naini.

Loweruka, 8 Malichi (tsiku 1 mwa 42)

Kapaipi kalowa 10 koloko, mbali ya kumanja, asoka kawiri. Kutembenuza mutu n'kowawa. Mankhwala oyamba kudutsamo ndinawamva kuzizira pachifuwa. Dokotala akuti tiwerenge kuyambira lero. Metadoni 30. Kutentha 38.6.

Lachiwiri, 11 Malichi (tsiku 4)

Wa pabedi 10 anayendetsa magalimoto a katundu zaka makumi atatu. Shuga wawadya zala ziwiri za kuphazi, ndipo madokotala akukambirana za chachitatu. Ndimawatchula a Dalaivala. Atamva za matenda anga, foni yawo inasamuka pa kabati n'kulowa pansi pa pilo.

"Si kuti ndikukuganizirani, achimwene," anatero. "Foniyi imazizidwa."

Lero yakana kutchaja. Ndinawauza kuti ndisanayambe zobayazi ndinali ndi benchi yokonzera mafoni pakhonde la sitolo ya nsapato. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anandipatsira, koma chingwe cha tchaja anachigwira mbali inayo ngati munthu wokoka mbuzi. Munali fumbi la m'thumba chabe. Ndinachotsa ndi kamtengo ka machesi. Tsopano akuuza wodi yonse kuti Naini ndi injiniya. Foni yabwerera pansi pa pilo.

Lachisanu, 14 Malichi (tsiku 7)

Kutentha 37.4. Magazi a Lachiwiri abwera oyera, tizilombo sitinamere.

Achemwali amabwera Lamulungu, Lachitatu ndi Lachisanu, atatseka kashopu kawo kosokera zovala. Lero mpunga, mazira awiri owiritsa ndi sopo. Akafika amapinda zovala zanga zomwe zili zopinda kale. Amagwedeza nsapato. Amafinya msoko wa thalauza kuyambira m'chiuno mpaka pansi, paja telala amadziwa pobisika zinthu.

"Ndikungokonza," amatero.

"Konzani, achemwali."

Achemwali awauza mayi athu kuti ndi vuto la mtima, osapitirira apo. Alamu akuti ndikatuluka ndisabwerere kwawo chifukwa cha ayironi ndi wailesi zija. Sindingawatsutse, ndinagulitsa ndine. Achemwali akuti alankhula nawo ndikamaliza masiku 42, "ngati umaliza."

Lolemba, 17 Malichi (tsiku 10)

Kwabwera mayi wa uphungu ndi fomu ya masamba atatu. Ndinayamba liti, ndimagona kuti, ndinamangidwapo kangati. Pomaliza anafuna mayina a anthu amene ndinkabwerekana nawo singano, akuti awafufuze akayezedwe chiwindi. Mawu ake ndi ofewa kwambiri. Wapolisi amene anandithyola dzino chaka chatha nayenso anayamba ndi mawu ofewa.

Ndinapereka mayina awiri a anthu omwe anamwalira kale. Analemba mosamala, anafunsanso kalembedwe kake. Atapita ndinaganiza kuti mwina amanenadi zoona.

Lachinayi, 20 Malichi (tsiku 13)

Ndayamba kuyenda mpaka kumapeto kwa wodi osapumira. Ndakwera makilogalamu awiri. Tsiku la muno: 5 koloko wokolopa amagunda mabedi, 6 mankhwala, 8 tiyi ndi buledi, 10 madokotala, 12 mankhwala, kenako alendo.

Ndikakhala kubafa kupitirira mphindi zisanu wokolopa amagogoda, akuti akufuna ndowa. Wa pabedi 3 amakhalako theka la ola akusuta fodya pawindo, ndowa sifunika.

A Dalaivala awadula chala chachitatu dzulo. Akuti nsapato zawo zayamba kukula.

Lamulungu, 23 Malichi (tsiku 16)

Kwabwera Jekete, mnzanga wa kunyumba yosamaliza kumanga ija ya kuseri kwa depoti, komwe tinkabayira. Wavala jekete yake yomwe ija, kunja kukutentha. Wabweretsa malalanje anayi. Chimudziwireni sanagulirepo munthu ngakhale switi.

Maso ake sanachoke pakhosi panga.

"Aise, akupangira geti lenileni. Ife tikufukula m'zala za kuphazi, iwe n'kungotsegula mpopi."

"Lili ndi loko."

"Loko wa pulasitala?"

Anaseka yekha. Nkhani zake: galimoto yogawa masingano atsopano sinabwere masabata awiri, ndiye anthu asanu akugwiritsa imodzi, akuinola pa bokosi la machesi. Mtali, amene ankatiphikira ufa pa supuni, wamwalira Lachinayi. Anabanika atangobaya. Anzake anamuthira madzi, kenako anathawa poopa kuti akaitana thandizo libwera ndi apolisi. Anamupeza ndi anthu otola mabotolo.

Ndinauza Jekete kuti akayezetse chiwindi. Anati adzapita. Anafunsa ngati metadoni ndimameza yense.

Potuluka anakumana ndi achemwali pakhomo la wodi. Amadziwana. Lero achemwali asecha mpaka m'kati mwa pilo.

Malalanje ndawayang'ana limodzilimodzi kufunafuna kabowo, kenako ndawasenda onse anayi. Anali malalanje chabe. Tadya ndi a Dalaivala, iwo theka lokha chifukwa cha shuga. Sindikudziwa ngati ndinakondwa kapena ndinakhumudwa.

Lachitatu, 26 Malichi (tsiku 19)

Zavuta.

Mankhwala a 12 koloko anapereka namwino wamfupi, anakulunga, anasaina. Metadoni anakweza kufika 50 Lolemba, ndipo masana amandiwodzeretsa. Achemwali atabwera ndinalankhula nawo pang'ono, mutu unayamba kugwa, ndinagona. Podzuka anali atapita, mbale ili pa kabati.

6 koloko madzulo namwino wina anagwira kapaipi n'kuima. Anaitana Sisita. Saini inali yosemphana, theka m'mwamba theka m'munsi, pulasitala ili ndi makwinya.

"A Naini, tinagwirizana chiyani?"

"Sindinakhudze, Sisita."

"Ndiye yadzimatula yokha?"

Anakhuthula kabati, anatembenuza matiresi, anang'amba buledi pakati, wodi yonse ikuonerera. Sanapeze kanthu. Anandipatsa kabotolo ka mkodzo ndipo mlonda anandiperekeza kuchimbudzi, chitseko chosatseka. Zotsatira Loweruka. Dokotala akuti kapaipi kakhale mpaka pamenepo. Sisita amafuna kachoke lero lomwe.

Lachinayi, 27 Malichi (tsiku 20)

Tsiku lonse ndakhala ndikuyeza anthu m'mutu. Namwino wamfupi akhoza kukhala kuti anakulunga molakwika, anabwereza, ndipo akuopa kunena. Lero sakundiyang'ana kumaso. Sisita sanakafune kapaipika kuyambira pachiyambi, ndipo Naini akachoka bedi lipeza wodwala weniweni. Jekete akhoza kulowa nthawi ya alendo osaoneka, koma akanatsegula kuti atengemo chiyani?

Ndadzikayikiranso ndekha. Mwina dzanja linapita lokha ndili m'tulo, paja zaka zisanu ndi ziwiri n'zokwanira kuti dzanja liloweze njira. Ndayang'ana m'zikhadabo ngati muli zomata za pulasitala. Mulibe.

A Dalaivala, amene amalankhula ngakhale namwino akuwamvetsera pachifuwa, lero ali chete, ayang'ana kukhoma. Sanafunse za cholembera chawo. Pali chimene akudziwa.

Madzulo kutentha 38.1.

Lachisanu, 28 Malichi (tsiku 21)

Kunjenjemera kuyambira m'mawa. 39.4. Pakhosi pafiira, pakutuluka mafinya pang'ono. Dokotala akuti tizilombo tatsopano talowera pa chotsekera. Sisita anangoti, "Mwaona?"

Achemwali anafika ndi nthochi. Atangokhala pansi, a Dalaivala anatembenuka.

"Mayi, munena nokha kapena ndinene ine? Zala zandithera, koma maso ndili nawo onse awiri."

Achemwali anaika nthochi zija pa kabati.

"Ndinangofuna kuona," anatero. "Lamulungu ndakumana ndi chimunthu chija pakhomo. Lachitatu ndikupeza mutu ukugwa, pakamwa pali yasa, ngati mmene unkachitira kuseri kwa nyumba kuja. Ndikanaganiza chiyani? Ndinamatula, ndinapotokola kachotsekerako, ndinanunkhiza, ndinabwezera."

"Munasamba m'manja?" ndinafunsa.

"Ndinali nditangotsika m'minibasi."

"Munapeza chiyani?"

"Palibe." Kenako mawu anakwera. "Iwe, zaka zonsezi ndasecha masokosi ako, ndasecha m'thanki ya chimbudzi, ndasecha m'chidole cha mwana wanga, ndipo nthawi zonse ndinkapeza. Nthawi zonse! Lero ndiye ndisiye bwanji?"

Ndinafuna kuwakalipira koma mano ankagundana.

Anapita okha kwa Sisita. Ndinamva Sisita akuti, "Abale onse amatero, mayi. Wina anafika polumbira kuti singano ya m'kabati ya mwana wake inali yosokera." A Dalaivala anakuwa ali pabedi kuti iwo alumbira pa zala zawo zotsala.

Kapaipi kachotsedwa 3 koloko.

Loweruka, 29 Malichi (tsiku 22)

Mkodzo: metadoni yekha. Dokotala anawerenga mokweza Sisita ali pomwepo. Sinditulutsidwa. Sisita anati, "Chabwino." Kupepesa sikuli pa ndandanda ya ntchito yake.

Koma kapaipi katsopano sangaike mpaka magazi ayerenso, masiku anayi kapena asanu. Pakali pano mankhwala ayenera kudutsa pa kanyula, kasingano ka pulasitiki ka pamkono, ndipo awonjezera ena amphamvu omwe amawotcha mtsempha. Andibaya kasanu ndi kanayi: kumsana kwa manja, m'kati mwa zigongono, pamapazi. Mtsempha wa m'mphechepeche ndinauwononga ndekha chaka chatha. Anaitanitsa namwino wa kuwodi ya ana, amene akuti amapeza mtsempha ngakhale pa khanda la tsiku limodzi. Anayesa katatu n'kupukusa mutu.

Mankhwala ndaphonya kanayi. 39.6. Ndikapita kubafa mpweya ukundithera. Dokotala akuti ndikaphonyanso mawa lonse, masiku 21 aja apita pachabe, ndipo kachitseko kaja sikadikira munthu.

Lamulungu, 30 Malichi (tsiku 23), m'mawa

Ndilemba chimene sindinalembe chiyambire, chifukwa kope la m'chipatala limawerengedwa ndi aliyense amene wapeza mwini wake ali kubafa.

Ndili ndi mtsempha umodzi. Uli kuseri kwa mkono wamanzere, kumunsi kwa chigongono, mbali imene munthu sadziona popanda galasi. Ndinaupeza zaka zitatu zapitazo pa galasi la galimoto yoimikidwa. Ndi wonenepa, wowongoka, sunalawepo singano. Kunyumba yosamaliza ija aliyense wochenjera amasunga umodzi wotere, sauza ngakhale mnzake wogawana naye supuni. Ndi wa tsiku limene ina yonse idzakane, iwe ukunjenjemera, ufa uli kale m'sirinji.

Anamwino akamafufuza, mkono umenewu ndimaugoneka chikhatho m'mwamba n'kuukanikiza pa matiresi. Iwo amayang'ana kutsogolo monga anaphunzirira. Dzulo ndinawaonerera akutuluka thukuta kasanu ndi kanayi, ine ndikukukuta mano, mtsempha uli pansipo phee.

Masiku anayi ndakhala wokwiya kuti akundiganizira zomwe sindinachite. Kapaipi sindinakakhudze, n'zoona. Koma munthu amene watsimikiza kusiya amasungiranji mtsempha? Achemwali analakwitsa malo osecha chabe.

Mankhwala atsopanowa akaudutsa masiku anayi, uuma. Sudzagwiranso ntchito, ya iwo kapena yanga.

39.5. Mapazi ayamba kutupa.

Masana

Achemwali anafika, anasamba m'manja kawiri pa sinki, anakhala pampando osakhudza ngakhale bulangeti. Namwino wamfupi anabwera ndi thireyi kudzayesanso paphazi.

"Anesi, musavutike uko," ndinatero. Ndinapinda mkono wamanzere, chibakera paphewa, chigongono m'mwamba. "Mangani apa. Dikirani pang'ono. Tsopano gwirani apa."

Anagwira ndi chala. Anandiyang'ana.

"Masiku onsewa, a Naini?"

"Masiku onsewa."

Kanyula inalowa ulendo umodzi.

"Ha! Injiniya anali ndi tayala la sipeya," anatero a Dalaivala. Anaseka okha.

Achemwali anadikira mpaka namwino atachoka. "Unkausungira chiyani?" anafunsa motsitsa mawu. Sanabwereze. Anakhala mpaka belu la alendo, manja ali pamiyendo.

Mankhwala alowa 1:20. Akuwotcha kuyambira pachigongono mpaka kukhwapa.

Lachiwiri, 1 Epulo (tsiku 25)

38.0. Mkono watupa, ukutentha. Namwino akuika kansalu konyowa. Akuti upirire masiku awiri okha. Ndagona tsiku lonse.

Lachinayi, 3 Epulo (tsiku 27)

Kutentha 37.2 kuyambira dzulo. Magazi ayera. Kapaipi katsopano kalowa m'mawa uno, mbali ya kumanzere. Dokotala wawonjezera masiku asanu ndi awiri pa 42 aja, ndipo akuti mtima ukumveka ngati mmene unalili, sunaipirepo.

Kanyula achotsa. Mtsempha uja wafiira, walimba ngati chingwe cha nsapato pansi pa khungu. Ndaudina kangapo, sukubwerera. Watha.

Pomata thonje, namwino wamfupi anafunsa osandiyang'ana, "Ulipo wina?"

"Palibe."

Anaika thireyi pansi. Anandipinditsa mkono wamanja n'kuyang'ana kuseri kwake, anatsika kuseri kwa mawondo, mu akakolo, pakati pa zala za kuphazi. Zinamutengera mphindi khumi. Ndinamusiya, mpaka ndinamukwezera mwendo ndekha.

Palibedi.